Madzi obwezeretsa mchere m'thupi kwa ovutika m'mimba amene amasala zakudya zina

Ngati mumatsegula m'mimba pafupipafupi kapena anakudulani mbali ya matumbo, madzi okha sakwanira, ndipo majuwisi ndi zakumwa za m'mabotolo zimangowonjezera vuto. Shuga wake ndi wambiri, amakokera madzi m'matumbo m'malo moti alowe m'magazi.

Mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, thirani magalamu 20 a gulukosi (mtundu wa shuga), magalamu 3.5 a mchere ndi magalamu 2.5 a soda wophikira. Takasani mpaka pansi pa botolo pasaoneke kanthu. Yezani pa sikelo ngati muli nayo, chifukwa masupuni amasiyana kukula, ndipo mchere ukachuluka ndi woopsa.

Gulukosiyo si wokometsera. Ndi amene amanyamula mchere kudutsa khoma la matumbo, madzi n'kutsatira. Musaike uchi kapena juwisi wa maapozi m'malo mwake: zili ndi fructose, mtundu wina wa shuga, yemwe ena amawatupitsa mimba ndi kuwatsegula. Shuga wamba nayenso theka lake ndi fructose. Zotsekemeretsa monga sorbitol nazo ayi.

Kukoma kwa madziwa n'kosasangalatsa, kunena zoona. Ozizira kwambiri amamweka bwino, makamaka ndi kapaipi. Musawasungunule ndi madzi ena kapena ayezi, mlingo umasokonekera. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, osati kugugudiza, ndipo otsala pakatha maola 24 tayani.

Odwala impso, mtima kapena BP ayambe afunsa dokotala. Mukamasanza chilichonse kapena mkodzo ukasiya kubwera, pitani kuchipatala msanga.