Ma Banda ndife ambiri: konzani mbiri ya kafukufuku wanu musanagogode pa makomo a kunja

Kwathu munthu amadziwika ndi nkhope. Ukanena kuti unagwira ntchito zaka 6 ku wodi ya ana pa Queens, amene akumvetsera amadziwa kale fungo la wodiyo, amadziwa amene anakuphunzitsa, mwinanso munakumanapo pamaliro. Kuno kunja zimenezo kulibe. Wolemba ntchito ku yunivesite ya ku Leeds, Toronto kapena Cape Town amangolemba dzina lanu pa kompyuta, ndipo zomwe zatulukazo ndiye inuyo.

Ine zinandionekera nditangofika ku Britain. Pa intavyu yanga yoyamba mayi wina wa pa gulu lofunsa mafunso anayamikira "mapepala anu anayi". Ndinali ndi mapepala 11. Nditafika kunyumba ndinatsegula Scopus, tsamba la pa intaneti losunga mndandanda wa mapepala a kafukufuku ndi olemba ake, ndipo ndinapeza kuti yandiduladula patatu: munthu woyamba anali ndi chilembo chimodzi cha dzina langa, wachiwiri zilembo ziwiri, wachitatu anali ndi dzina la kwa amuna anga. Pomwe Google Scholar, tsamba lina la mtundu womwewo, inali itandiunjikira mapepala a Banda wina wofufuza za mbewu ya chimanga. Ngati ndinu a Phiri, a Mwale, a Chirwa kapena a Gondwe, musaseke, pitani mukadzione kaye.

Choncho ntchito yoyamba si kuchulukitsa manambala ayi, koma kusonkhanitsa zanu zomwe zamwazikana. Tsegulani ORCID. Ndi yaulere, inayamba mu 2012, ndipo imakupatsani nambala yanuyanu ya zilembo 16 imene siisintha ngakhale mukwatiwe, musinthe dzina kapena musamuke dziko. Lembanimo maina onse amene munasindikizapo nawo. Ikaninso imelo yanu ya Gmail pambali pa ya kuntchito, chifukwa ya kuntchito imafa mukangotsanzika, ndipo ambiri atsekeredwa panja motero. Ku Scopus kuli njira yopemphera kuti aphatikize maina anu akhale amodzi, ndipo salipiritsa. Ku Google Scholar sankhani kuti azikufunsani kaye asanawonjezere pepala, apo ayi mudzakolola za eni. Dziwaninso kuti tsamba lanu la Google Scholar limaoneka kwa ofufuza dzina lanu pokhapokha mutalitsimikiza ndi imelo ya yunivesite kapena ya bungwe lanu.

Tsopano manambala amene aliyense amafunsa. Citation ndi pamene wofufuza wina watchula pepala lanu m'pepala lake. H-index anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa physics wa ku San Diego, mu 2005, ndipo mutha kuiwerengera nokha pa kapepala. Tinene kuti muli ndi mapepala 9. Andandalikeni kuyambira lotchulidwa kwambiri: 140, 38, 21, 9, 6, 5, 3, 1, 0. Tsikani nawo mzerewo mukuwerenga. Pepala lachisanu latchulidwa ka 6, zomwe zikuposa 5, ndiye mwadutsa. Lachisanu ndi chimodzi latchulidwa ka 5 kokha, sizikufika pa 6, ndiye mwaima pomwepo. H-index yanu ndi 5, kutanthauza kuti muli ndi mapepala 5 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 5.

Taonani chinyengo chake. Pepala la 140 lija litafika pa 1,000, h-index yanu ikhalabe 5. Nambala iyi imakonda munthu wolemba pafupipafupi kwa zaka zambiri, ndipo siitsika ngakhale munthu atasiya kafukufuku kalekale. Dokotala amene anathera zaka zake zaunyamata akuona odwala 80 patsiku pa chipatala cha boma, n'kudzayamba PhD ali ndi zaka 38, sangafanane ndi mnzake amene anakulira mu labu. Imasiyananso malinga ndi nthambi: ofufuza za chibadwa (majini) ndi khansa amatchulana kwambiri kuposa a za unamwino kapena opaleshoni. Ndipo munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi ma h-index atatu. Google Scholar imawerenga chilichonse, ma thesis ndi malipoti omwe, n'chifukwa chake nambala yake imakhala yonenepa. Scopus ya kampani ya Elsevier ndi Web of Science ya kampani ya Clarivate zimawerenga magazini okhawo amene zinawavomereza. Polemba pa CV nenani kumene mwatenga nambalayo ndi tsiku lake. Kungoti "h-index 9" popanda gwero kumadzutsa chikayiko.

Za impact factor ndingodutsapo. Ndi muyeso wa magazini, osati wa inu. Imawerengera kuti mapepala amene magaziniyo inatulutsa m'zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati chaka chino, powagawa mofanana. Pepala lofooka litha kubisala m'magazini yotchuka. Mayunivesite ambiri ndi opereka ndalama monga Wellcome ndi UKRI anasaina DORA, chikalata chimene chinachokera ku msonkhano wa ku San Francisco wa 2012, chonena kuti munthu asayesedwe ndi impact factor. Pa fomu ya thandizo la ndalama ya mabungwe otere musaiikepo n'komwe. Koma tisanamizane, m'zipinda zofunsirana ntchito dzina la magazini yotchuka ya zachipatala ya Lancet limachititsabe anthu kukweza nsidze.

Pamene ife timagwera kwambiri ndi pa malo a dzina. M'mapepala a zachipatala maso amapita pa dzina loyamba, la amene anasenza ntchito, ndi lomaliza, la mkulu woyang'anira. Ambiri aife tinalowa kafukufuku kudzera m'mapulojekiti akuluakulu a malungo, TB ndi HIV, ndipo maina athu ali pakati, wa nambala 9 mwa anthu 22. Mapepala otere amabweretsa ma citation ambiri, koma wowerenga CV wochenjera amafunsa kuti inu munachitapo chiyani. Muyankheni asanafunse. Pansi pa mapepala anu ofunika kwambiri, asanu basi, lembani mzere umodzi: ndinayang'anira kulemba odwala pa zipatala zitatu, ndinasanthula data, ndinalemba gawo lofotokoza njira za kafukufukuyo. Magazini ambiri tsopano amagwiritsa ntchito CRediT, ndandanda ya maudindo 14 osonyeza chimene aliyense anachita. Ndipo ngati m'kompyuta yanu mwagona data ya digiri yanu ya MMed kapena MPH imene simunailembe, limenelo ndilo pepala lanu la dzina loyamba. Lankhulani ndi amene anakuyang'anirani, tsimikizani kuti chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku ku Malawi, chikulola, mulembe. Malawi Medical Journal imapezeka pa PubMed, tsamba lalikulu lofufuzirapo mapepala a zachipatala, si malo ochitira manyazi.

Changu chofuna mapepala n'chimene chimagwetsera anthu m'mbuna ya magazini achinyengo, aja otumiza imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira. Pepala limodzi lotere limadetsa CV yonse. Fufuzani kaye ngati magaziniyo ili pa mindandanda ya magazini ovomerezeka monga DOAJ, Scopus kapena MEDLINE. Palinso china chimene chimadzidzimutsa osamuka: ofalitsa ambiri amakhululukira ndalama zosindikizira kwa olemba a m'mayiko osauka, koma amayang'ana kumene wolemba amene akulemberana makalata ndi magaziniyo akugwira ntchito, osati pasipoti yake. Mukalemba adiresi ya Manchester chikhululukocho chatha. Funsani ku laibulale ya yunivesite yanu, chifukwa zambiri zili ndi mapangano ndi ofalitsa.

Dziko lililonse lili ndi kayesedwe kake. Ku South Africa bungwe la boma lothandiza kafukufuku la NRF limaika ofufuza m'magulu A, B, C, P ndi Y poyang'ana ntchito ya zaka 8 zapitazo, ndipo akatswiri anzanu ndiwo amawerenga, si makina. Mayunivesite a kumeneko amalandiranso ndalama za boma pa mapepala otuluka m'magazini ovomerezeka ndi DHET, unduna wawo wa maphunziro apamwamba, choncho onani ndandanda yawo musanatumize. Ku America, wofunsira EB-1A, chilolezo chokhazikika m'dzikolo cha anthu a luso lapadera, amayenera kukwaniritsa zinthu zitatu mwa 10, ndipo zina mwa izo ndi kulemba mapepala a sayansi ndi kuunika ntchito za anzake. Ndiye magazini ikakupemphani kuunika pepala, musataye imelo yokuthokozani ija, ndi umboni. Ku Britain UKRI imafuna CV yofotokoza m'mawu zimene mwachita, osati mndandanda wa mitu wokha.

CV yofotokozayi ndi imene imatikomera ife, chifukwa ntchito yochokera kwathu kawirikawiri imalemera kunja kwa ma citation. Blantyre Coma Scale, imene Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anaifalitsa mu 1989, amaigwiritsa ntchito anamwino ndi madokotala poyesa mwana wokomoka ndi malungo, ndipo palibe mmodzi wa iwo amalemba citation ali pambali pa bedi. Option B+ inayambira ku Malawi mu 2011, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, kenako WHO inaiika m'malangizo ake a 2013. Zanu mwina n'zazing'ono kuposa pamenepa, koma n'za mtundu womwewo. Ngati zotsatira zanu zinalowa m'malangizo a Unduna wa Zaumoyo, pezani bukulo, lembani chaka chake ndi tsamba. Ngati fomu imene munapanga ikugwirabe ntchito pa chipatala cha m'boma lina, pemphani kalata kwa mkulu wa zaumoyo wa m'bomalo pano akadakukumbukirani, chifukwa amasamutsidwa, ndipo wobwera pambuyo pawo sadzadziwa kuti ndinu ndani.