Kafesedwe ka udzu wa Rhodes pa dothi louma ndi lamcere

Mbeu imene ili m'thumbamu ndi ya udzu wa Rhodes, udzu wodyetsa ziweto umene akatswiri amaucha Chloris gayana. Ukagwira simufesanso caka ndi caka, umaphuka wokha mvula ikagwa. Sungani thumbali pouma, pa thabwa, osati pa simenti.

Udzuwu umapirira mcere cifukwa masamba ake ali ndi timabowo totulutsira mcere umene mizu yayamwa. Mizuyo pa dothi lakuya ingafike mamita 4, n'cifukwa cake umakhalabe moyo m'malo olandira mvula ya mamilimita 600 okha pa caka. Koma mphamvu zimenezi ndi za udzu wokhwima. Kambande kongomera kumene mcere umakapsereza, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri amataya mbeu.

Conco musafese ndi mvula yoyamba. Ngati dothi lili ndi cigamba coyera pamwamba, cothetheka mukapondapo, dikirani mvula igwe yamphamvu kawiri kapena katatu kuti itsitsire mcerewo pansi. Pamenepo limani, muswe zibuma zonse, musalaze bwino. Pamene madzi amaima masabata angapo palekeni, udzuwu umafa ukamira nthawi yaitali. Pamthunzi wa mitengo sucitanso bwino.

Fesani makilogalamu 3 mpaka 4 pa hekitala. Mbeuyi ndi yopepuka, yaubweya, imagwirana m'manja ngati thonje, motero isakanizeni ndi mcenga wouma kapena utuci kuti imwazike mofanana, ndipo sankhani m'mawa kopanda mphepo. Musaikwirire kupitirira sentimita imodzi. Ena amaona ngati kukwirira kwambiri ndi kuiteteza ku dzuwa, koma kambeu kakang'ono cotere kalibe mphamvu yoboola dothi lambiri. Kokani nthambi ya mtengo pamwamba, kenaka mutsendere dothi kuti mbeu igwirane nalo. Mukaisiya poyera nyerere zidzaituta.

Pacinyezi imamera pasanathe sabata. Palirani msanga miyezi iwiri yoyamba. Pambuyo pake udzuwu umatulutsa nthambi zoyanga pansi ngati kapinga, zomera mizu pa mfundo iliyonse, ndipo zimenezi ndizo zimaphimba zigamba zamcere zimene mbeu inakana. Dothi likaphimbidwa, dzuwa siliumitsa msanga, ndiye mcere wokwera pamwamba umacepa.

Musafulumire kulowetsa ng'ombe. Gwirani tsinde limodzi mulikoke: likazuka ndi mizu, nthawi siinakwane. Podyetsa, tulutsani ziweto udzu ukatsala masentimita 10 mpaka 15, muupatse mpata wophukanso. Wosungira cilimwe dulani ukangoyamba kumasula ngayaye, popeza ukakhwimitsa umauma gwa ndipo cakudya cake cimacepa.

Masamba akayamba cikasu pakapita zaka zitatu kapena zinai, musathamangire kunena kuti ndi mcere. Kawirikawiri ndi njala ya naitrojeni, cakudya ca zomera ca m'dothi. Thirani manyowa kapena feteleza dothi lili lonyowa.