Momwe mungagwiritsire lenzi yakale pa kamera ya dijito

Ngati muli ndi lenzi ya nthawi ya filimu yomwe ikungokhala mu kabati, musaitaye, galasi lake likadali ndi ntchito. Mukufunika ka adaputa basi, kachitsulo kozungulira kolowa pakati pa lenzi ndi kamera.

Poyamba dziwani mtundu wa mount ya lenzi yanuyo, mbali ija yomwe imamangidwa pa kamera. Ikakhala yomanga mozungulitsa ngati chitsekero cha botolo, nthawi zambiri ndi M42, ngati ma Takumar a Pentax kapena Helios 44-2 ija ya 58mm f/2 yopangidwa ku Soviet Union. Zina ndi Canon FD, Minolta MD, Nikon F.

Apa ndiye mvetsetsani bwino, ambiri amaluza ndalama pamenepa. Lenzi iliyonse inapangidwa kuti izikhala patali mwakuti kuchokera pomwe pankakhala filimu. M42 imafuna pafupifupi 45.5mm, pomwe kamera za mirrorless, zopanda kalilole mkati, ndi zopyapyala, Sony E ndi 18mm chabe, ndiye adaputa imangodzadza mpata wotsalawo, yopanda galasi mkati, zatheka. Koma Canon FD ya 42mm mukaiyika pa DSLR (kamera ya dijito yokhala ndi kalilole mkati) ya Canon EF ya 44mm, lenzi yatalikira kale, zakutali sizigwira fokasi pokhapokha adaputa ikhale ndi galasi, ndipo magalasi otchipawa amaononga chithunzi. Ine ndimati ngati muli ndi mirrorless, gwiritsani imeneyo.

Musanamange, walitsani tochi mkati mwa lenzi. Fumbi pang'ono palibe vuto, koma mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude, ndi nkhungu imeneyo, isayandikire ma lenzi anu ena. Zungulitsaninso ring ya aperture, yomwe imakulitsa kapena kuchepetsa chibowo cholowera kuwala, muone ngati timasamba tamkati tikutseka msanga, topanda mafuta.

Mangani lenzi pa adaputa kaye, kenako pa kamera, osakakamiza. Kamera ikakana kujambula musadandaule, siikudziwa kuti pali lenzi poti palibe waya wolumikiza. Lowani mu menyu muyatse Release without lens, pa Fujifilm amalemba Shoot without lens. Ikani kamera pa A (mumasankha aperture nokha) kapena M (zonse mumasankha nokha), ndipo ngati kamera ili ndi stabilization ya mkati yoletsa chithunzi kugwedera, iuzeni nokha ma mm a lenziyo.

Fokasi ndi ya pamanja, ndipo apa mpomwe pamakoma. Tsegulani aperture yonse, yatsani focus peaking, yomwe imaonetsa ndi mtundu pomwe pagwira fokasi, kapena kulitsani chithunzi pa sikirini, gwirani diso la munthu, kenako tsekani kufika f/4 kapena pomwe mukufuna. Masiku oyamba zambiri zituluka mbuu, dzanja limazolowera.

Kumbukiraninso kuti pa sensa ya APS-C, yomwe ndi yaying'ono kuposa filimu, 58mm imaoneka ngati pafupifupi 87mm ya pa filimu, ndiye muzibwerera m'mbuyo pang'ono. Helios ija iyeseni pojambula munthu ataima patsogolo pa mitengo dzuwa likudutsa m'masamba, pa f/2, muone momwe kumbuyoko kumazungulilira.