Zoti m'bale wanu sangafike yekha ku Joni anakuuzani ndani?

Ndili pa holide kumudzi kuno ku Luchenza, ndipo masabata awiri okhawa makomo atatu andiitanira nkhani imodzimodzi. Mwana akufuna kulondola achimwene ake ku Joni, ndalama za ulendo zabwera kale pa Mukuru, nde akuti tipezereni transporter wodalilika poti yekha sangakafike. Ndati ndilembere inu achimwene ndi achemwali amene muli kunjako, chifukwa ndinu mumalipira maulendo amenewa, ndinunso foni imakulilirani pakati pa usiku zikavuta panjira.

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, sindikutsutsa. Koma awiri ankanenawo ndi anthu oti wina akagwa mnzake amudzutsa, osati munthu amene wakuwerengera limodzi ndi matumba a ufa ndi nandolo mu trailer. Ine zinandionekera. Msuweni wanga wa ku Thekerani anali ndi pasipoti yabwinobwino, yatsopano, koma ndinaopa kuti sanayambe wadutsako ku Limbe, nde ndinamupezera munthu woti abwere naye. Atafika pa Mwanza munthu uja anatolera mapasipoti a onse akuti akadinditse yekha kuti zichite changu, ndipo sanawabwezerenso. Atalowa mu Joni anawatsekera m'nyumba masiku atatu, mpakana ife abale titaonjezera ndalama pamwamba pa zomwe tinagwirizana. Mwana amaimba akulira koma samadziwa olo dzina la malo omwe anali. Akanakwera basi yekha bwenzi nditangomuchingamira pa Park Station, pomwe mabasi amafikira ku Joni.

Njira yakeyo siyovuta monga amaionetsera anthu amene amadyerapo. Uchoke ku Chitakale, ku Bvumbwe kaya ku Makwasa, ukwera minibasi mpaka ku Limbe, tikiti ukagula pa ofesi ya kampani ya basi mu Blantyre, osati kwa mnyamata wokuthamangira pa Wenela, ndipo akupatse lisiti. Basi ikanyamuka ifika pa boda ya Mwanza, kutsidya kwake ndi Zobue, mwalowa Mozambique. Mudutsa Tete, muoloka Zambezi, mutulukira pa Cuchamano nkulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo, Beitbridge, muoloka Limpopo pa mlatho, Musina, Polokwane, Johannesburg. Ndi makilomita oposa 1,600, tsiku ndi theka pena masiku awiri kutengera mzere wa pa Beitbridge. Mulembereni m'bale wanuyo mainawa papepala mwandondomeko yake. Munthu amene akudziwa kuti ikatha Harare kukubwera Masvingo sanganamizidwe kuti tafika tsika.

Ndipo mu basi simukhala munthu yekha ayi. Muli azimayi a geni oti njira imeneyi amaiyenda mwezi ndi mwezi, muli anyamata obwerera ku ntchito, Chichewa chokhachokha mpaka Chilomwe umachimva kumpando wakumbuyo. Safunsa anadya phula, afunse amayi amene wakhala nawo pafupi kuti mzere wathu ndi uti. Chachikulu aloweze nambala ya basi ndi mtundu wake, poti pa Beitbridge mabasi amaima ambirimbiri ofanana ndipo nthawi zambiri mumafikapo kuli mdima anthu muli ndi tulo.

Pa nkhani ya zidindo ndipomwe ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa apa ndi pomwe anthu amagwera m'mavuto oti sawaona tsiku lomwelo. Maboda ndi atatu koma zidindo ndi 6, kutuluka ndi kulowa, kutuluka ndi kulowa, choncho pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu okwanira ndipo isakhale yoti yatsala pang'ono kutha. Pa windo aime yekha, apereke yekha, alandire yekha, ndipo asanachoke pamenepo atsegule aone kuti adindadi komanso alemba tsiku lanji. Ife a Malawi timalowa mu South Africa opanda visa kwa masiku osapitilira 30, koma ofesala atha kukupatsa ochepera, ena amapatsidwa sabata imodzi yokha iwo nkumayenda mumtima muli mwezi. Masiku amenewo ndi a mlendo, si chilolezo chogwilira ntchito, musamunamize mwana kuti akangolowa zatheka. Ukapitiliza masiku, malamulo omwe anayamba mu 2014 amati potuluka akulembe kuti ndiwe osafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati masiku omwe wapitilizawo sanapyole 30, zaka 5 ngati apyola. Akakugwira mkati ndi nkhani ya ku khoti ndi ku Lindela ku Krugersdorp kudikira kubwezedwa. Zija zotumiza pasipoti ndi dalaivala kuti akakudinditsire iwe uli ku Mayfair mu Joni, zambiri zimakhala zidindo zabodza zoti mu kompyuta mulibe, ndipo tsiku lomwe azakugwire nazo mlandu ndi wako, dalaivala kulibe.

Ena amati kudzera kutchire nkotchipa, bola muli gulu. Gulu lake liti? Mu Limpopo muli ng'ona, nthawi ya mvula madzi amakokolola anthu, ndipo m'tchire la pa Beitbridge muli zigawenga amazitchula maguma-guma zomwe zimalanda, kumenya ndi kugwililira, pena zimakhala zogwirizana ndi omwe akukuolotsaniwo. Ngati m'bale wanu alibe pasipoti, ndalama imene mukanapatsa woolotsayo ipite ku Immigration, adikire. Kudikirako kumawawa, ndikudziwa, koma adikire.

Za atsikana ndi azimayi zimandipweteka mtima. Kumudzi kuno mtsikana akati ndikwera ndekha anthu amayamba kumuyang'ana mwina mwina, ena nkumati akukasaka amuna, mapeto ake makolo amamupereka m'manja mwa bambo osamudziwa akuti amuteteze. Chonsecho amayi athu omwewa amadzuka m'mamawa okha kukapikula katundu ku Limbuli, kuoloka pa Muloza kukafika ku Milange nkubwerako dzuwa lisanalowe, palibe amawaperekeza. Mtsikana amene ali ndi tikiti yake, pasipoti yake ili mkati mwa zovala, wakhala pafupi ndi mzimayi mnzake, ali pabwino kuposa amene ali mu galimoto ya munthu yemwe angaime paliponse usiku nkunena kuti ndalama yachepa ulipira bwanji. Mumuuze asalandire chakumwa chotsegula kale, popita kuchimbudzi pamalo oima apite ndi azimayi anzake, ndipo wina akamuvuta mu basi alankhule mokweza, asachite manyazi.

Ndalama asaike malo amodzi. Pang'ono m'thumba zogulira madzi ndi kulipira chimbudzi, zina mkati. Kwacha ikadutsa Zobue ilibenso ntchito kwenikweni, mumutumizire ma rand ang'onoang'ono kapena madola ochepa, ku Zimbabwe amalandira. Osintha ndalama a pa boda amawerenga mwachangu dala, awerenge yekha kawiri asanapereke zake.

Foni nayo anthu amaidalira mopyola. Layini ya Airtel kaya TNM ikangolowa Mozambique imatha kuzima ngati sanaikonzeretu, batire limatha, nde nambala yanu, adiresi yomwe mukukhala ndi nambala ya munthu wina wachiwiri zilembedwe ndi bolopeni papepala, poti olo pa windo atha kumufunsa kuti ukupita kwa ndani. Pepala lina lisale kunyumba limodzi ndi fotokope ya pasipoti ndi nambala ya basi. Power bank ndiyofunika. Chaja cha kuno cha mano atatu aja sichilowa m'masoketi a ku South Africa, a kumeneko mabowo ake ndi ozungulira, mumugulilire adaputa. Mugwirizane kuti akafika pa Musina apemphe foni kwa mnzake akuimbireni, inu muyambepo kupita ku Park Station, mukafike iye asanafike. Akakupezani palibe asatuluke panja ndi zikwama kutsatira anyamata omunyamulira, akhale mkati momwemo. Zikavuta nambala ya polisi ndi 10111, pa foni ya m'manja 112 imagwiranso.

China, ndipo ichi chikukhudza inunso amene mumabwera pa Khirisimasi: kaphukusi ka munthu osamudziwa musanyamule. Amabwera mwaulemu, akuti ndi ufa ndi usipa wa mwana wanga akakulandirani pa Park, mkati muli chamba. Olo wachibale akupatsireni, tsegulani muone iye ali pomwepo. Ife a kuno timakonda kutumizirana makaka, kalongonda, tiyi, koma dziwani kuti zakudya ndi mbewu zina amalanda pa boda, musamulemetse mwana ndi katundu oti akakangane naye ndi a kasitomu ulendo wake woyamba.

Pasipoti ikatayika si kutha kwa dziko. Kanene ku polisi upatsidwe lipoti, kenako ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Consulate ya Malawi mu Johannesburg, amapereka chikalata choyendera chongobwerera kumudzi. Apa ndi pomwe fotokope ija imathandiza.

Za ndege ndinene mwachidule. Anthu amaopa kuti popanda chizungu chambiri usochera, koma kuchoka pa Chileka kukafika ku OR Tambo ndi maola awiri ndi pang'ono, ndipo olo ukusinthira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, chomwe ukufuna ndi nambala ya ndege ndi nambala ya geti, ukaonetsa tikiti kwa wa yunifolomu amakulozera. Choopsa chili kwa ma agent olonjeza ntchito za m'nyumba ku maiko a Aluya. Tonse tinamva za azimayi a ku Malawi omwe anavutika ku Oman atalandidwa mapasipoti ndi mabwana awo. Ngati agent sakuonetsa kontrakiti, sakutchula dzina la bwana ndi tauni yomwe ukakhale, akungoti zonse tikonza ife iwe ungokwera, ameneyo akugulitsa munthu, ndipo lamulo lathu la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu linabwera chifukwa cha zoterezi.

Pamakomo atatu aja, awiri amva. Dzulo ndinakhala pakhonde ndi mtsikana wa khomo limodzi, mayi ake ali pomwepo, tinalemba maina a maboda ndi manambala papepala, anawerenga mpaka kuloweza, ndipo tikiti tikagula limodzi ku Blantyre Lachisanu. Mayi akewo anafunsa kuti atenge zovala zanji, ndinawauza kuti juzi ndi bulangete zikhale pamanja osati mu chikwama cha pansi pa basi, chifukwa kuzizira kwa ku Joni mu June ndi July kumaposa chiperoni cha kuno, ndipo kumayambira pamzere wa pa Beitbridge m'bandakucha.