Opita ku Likoma kukapemphera tamverani

Abale amene mukukonza ulendo wampingo wokapemphera ku tchalitchi cha St Peter ku Likoma pokwerera pano pa Nkhotakota, chonde ndalama zisathere popita. Juni mpaka Ogasiti mwera ukalusa sitima imachedwa, mutha kugona pagombe osayembekezera ndiye sungani ya chakudya komanso ya minibasi pa M5 pobwerera. Pano sitima imaima patali, mumayamba mwaponda madzi kukakwera kaboti, foni ndi baibulo mangani mujumbo, agogo athu aziyamba ndiwo kukwera osati kukankhana ayi. Koma mukangofika nkuona tchalitchi chija anayamba kumanga mu 1903, kukula kwake pa kachilumba ngati kaja, kutopa konse kumatha ndithu. Juzi musaiwale, usiku panyanja kumazizira zedi.