Wofunsa pa gulu la WhatsApp muzimuyankha ngati wanena odi pakhomo

Ndimayang'anira gulu la WhatsApp la alimi kuno ku Chipata. Chaka chatha atate ena a ku Chadiza anatumiza chithunzi cha chimanga chodyeka kumtima, nalemba funso m'Chizungu chothyokathyoka. Anyamata awiri anayankha ndi tinkhope toseka. Pofika madzulo atate aja anali atatuluka m'gulu. Zimene zinadya chimangacho zinali mbozi zija zotchedwa fall armyworm zinafika m'Zambia kumapeto kwa 2016, ndipo ambiri a ife tinkadziwa chochita. Mpaka lero zimandiwawa.

Yambani ndi moni. Lembani "Mwaswera bwanji atate" kapena "amama", ndipo muzinena kuti "inu". Pa foni imvi sizioneka; amene mukumutcha "iwe" mwina ndi msinkhu wa ambuya anu.

Mukaona kuti munthu akuvutika kulemba, musamukonzere zilembo. Mujambulireni mawu m'Chinyanja, aafupi, osapitirira mphindi imodzi, chifukwa bando yake ya intaneti mwina wagula ndi ndalama ya mchere. Mavidiyo aatali amamudyera yonse asanamve yankho.

Musanalangize, funsani. Munda uli kuti? Anabzala liti? Mukati mwa mtima wa chimanga muli zitosi zonga utuchi? Mafunso otere amamuonetsa kuti mwamumva, komanso amakuletsani kutchula mankhwala olakwika. Ngati simukudziwa, mutumizeni kwa mlangizi wa dera lake. Kungoyankha kuti "fufuzani pa Google" n'kumutsekera chitseko.

Funso lomwelo likabweranso kachisanu, monga la tsiku limene FRA, bungwe la boma losunga chakudya, iyamba kugula chimanga, tumizaninso yankho lakale mosang'ung'udza. Kumidzi netiweki imabwera munthu akakwera pachulu, ndiye mauthenga adzulo sanawaone.

Za ndalama ndi matenda ndiye zofunika kusamala kwambiri. Wina akalemba kuti mwana wagonekedwa kuchipatala ndipo akusowa ya basi, musamufunse pagulu kuti mwamuna wake ali kuti. Muimbireni kumbali. Mukakayika, fufuzani mwakachetechete kwa amene amamudziwa, pakuti akuba aliko ndithu, koma kutcha munthu wakuba pamaso pa anzake ali pamavuto n'chilonda chosapola. Mukamutumizira kanthu pa Airtel Money, musaike risiti pagulu. Wina akatumiza chithunzi cha chitupa chake cha unzika (NRC), muuzeni kumbali achifufute msanga, ndipo PIN, nambala yake yachinsinsi, asauze aliyense, ngakhale ine.

Atate a ku Chadiza aja ndinawaimbira patapita masiku atatu kukapepesa. Anandilandira bwino, koma kubwerera m'gulu anakana.