Musawasiyitse agogo mankhwala a BP chifukwa cha voice note

Nyengo yozizira ino ndayenda makomo angapo ndipo zomwe ndikupeza zikundiwawa mtima. Ndikati tabweretsani buku la kuchipatala la agogo, ndikupeza tsiku lomaliza kukatenga mankhwala ndi mu Epulo. Mapilisi a BP a amlodipine ali phee mkajumbo osamwedwa, pawindo pali botolo la adyo, jinja ndi mandimu. Ati tinamva pa WhatsApp kuti zimenezi zimathetsa BP.

Sikuti makolo anu simuwakonda ayi. Ndikudziwa mmene zimakhalira, usiku agogo akubuula mutu, iwe walowa pa Google ndi kabandulo ka tsiku limodzi, zotuluka ndi nyumba zosungira okalamba za ku America, za Medicare, Chingerezi chokhachokha, pomwe chokuthandiza iwe amene ukusamala mayi ako pamkeka palibe olo chimodzi. Nde ikangofika voice note ya Chichewa chomveka bwino yoti BP imatheratu ndi adyo, munthu umangogwira yomweyo.

Koma abale BP si malungo oti mumwa masiku atatu mwathana nawo. Nthawi zambiri siipweteka nkomwe, munthu atha kufika pa 180 akuseka, akutong'ola chimanga pakhonde. Mapilisi aja amangoigwira kuti isakwere, mukasiya imabwerera mwakachetechete ndipo mapeto ake ndi sitiroko, impso kuwonongeka, mtima kutopa. Zoti "akuoneka bwino nde apumeko kaye" ine ndatopa nazo, tazinena kusikelo, kubanki mkhonde, ngakhale pamaliro, koma anthu mukupangabe.

Bambo ena olima mtedza anandifotokozera okha tili pansi pa mtengo wa mango. Mlongo wawo wa ku Johannesburg anatumiza kavidiyo, mayi awo nkusiya mapilisi miyezi iwiri. Mmawa wina akusenda mtedza kukamwa kunangopotoka, dzanja lamanja lende, mawu osamvekanso. Kuti apeze hayala ya galimoto anagulitsa mbuzi ziwiri tsiku lomwelo, mtedza wonse unapita kwa mavenda pamtengo wolira. Pano akazi awo kudimba anasiya, ntchito ndi kuwasambitsa apongozi, kuwamwetsa phala, kuchapa zofunda, tomato wauma osathirira. Bambowo amangoti ndikanafunsa kaye.

Adyo ndi jinja thirani mu ndiwo palibe vuto, koma pilisi lisadumphe tsiku, mchere chepetsani. Akayezedwa nkumapezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, auzeni adokotala. Chomwe mwaona pafoni kaonetseni kaye a HSA, alangizi a zaumoyo aja, kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni. Nkhope ikapotoka, dzanja kufooka, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala. Amene sitiroko inawagoneka kale muziwatembenuza maola awiri aliwonse kuopa zilonda kumsana.